Khutu la pa Nkhokwe

Lachisanu, 14 Juni 2024

Anaika ndani lamulo loti katatu? Bwanji osati kawiri, bwanji osati kanayi? Ku gulu lathu lokwera miyala aliyense amalitchula ngati vesi la ku Sande sukulu: mwala wautali uyambe waukwera katatu uli pachingwe, masiku atatu osiyana, osagwa, ndiye pambuyo pake uyese wopanda chingwe. Ndinawafunsapo a Adamson, amene anayambitsa gululi, kuti chiwerengero chimenechi anachitenga kuti. Anati, "Kwa anthu amene akuyendabe ndi miyendo yawo." Onse anaseka. Limenelo si yankho. Ngakhale lero, ndili chagada pa bedi nambala 9, mwendo uli pamwamba pa mapilo awiri, ndikuti si yankho.

Kope ili abweretsa ndi amayi. Ati ndizilembamo mankhwala amene akundipatsa. Ndizilembamo ndi zina.

Ndinagwa dzulo cha m'ma 10 koloko m'mawa pa Nkhokwe, chimwala cha kuphiri la kwathu kuseri kwa Msundwe. N'chotalika mamita asanu ndi awiri, chozungulira, pamwamba pake chotambalala ngati denga, n'chifukwa chake dzinalo. Palibe amene anachikwerapo wopanda chingwe. Ine pachingwe ndinali nditakwera kawiri. Pansi panali matiresi awiri ndi Duncan, mnzanga wa ku sekondale, woti azindiyang'anira ndikamakwera. Phazi lamanja linaphonya matiresi.

Ekisireyi yaonetsa kuti mafupa onse awiri athyoka pamwamba pa kakolo. Pali ndi bala laling'ono pamene fupa linaboola khungu. Anatsuka, anasoka, anaika chikhakha cha kumbuyo kokha. Adokotala a mafupa ati opareshoni idikire kutupa kuthe. Kudikiranso.

Loweruka, 15 Juni

Wodi imadzuka 5 koloko. Amayamba okolopa, kenako anesi ndi bipi, kenako phala. Bipi 128/80, kutentha kwa thupi 36.9. Jakisoni woteteza bala m'mawa ndi madzulo kudzera pa kanula wa padzanja, panado awiri katatu patsiku, bufeni mmodzi ndikadya.

Bedi la kumanzere kwanga kuli a Nedson a ku Kabudula, okumba zitsime. Anathyoka ntchafu, mwendo wawo anaukoka ndi chingwe, kumapeto kwake kukulendewera thumba la mchenga. Atha milungu inayi ali chomwecho. Atamva nkhani yanga anafunsa, "Pamwambapo panali chiyani? Njuchi?"

Ndinati ayi.

"Netiweki?"

"Ayi."

"Ndiye mumakatenga chiyani, aphunzitsi?"

Ndinawauza kuti ine si mphunzitsi, ndili ndi digiri ya zokopa alendo.

"Ohoo. Alendo akopekadi," anatero, akuloza magadiyani amene anaunjikana pawindo kudzaona munthu wogwa pamwala. Kuyambira pamenepo akunditcha a Digiri.

Lero ndi tsiku limene Zelifa akanakwera Nkhokwe.

Zelifa amagulitsa tomato pa Msundwe. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya, iye sukulu anasiyira Fomu 2. Ku gulu ndinamubweretsa ndine chaka chatha, chifukwa ndinkafuna kuti pazithunzi za pulojekiti yanga pazioneka atsikana. Kumanga chingwe ndinamuphunzitsa ndine. Nsapato zake zoyamba zinali zanga zakale, ankaika nyuzi kuzala kuti zimukwane. Pasanathe chaka anayamba kudutsa pamene ine ndimalephera, ndipo chondinyansa n'choti sakondwa n'komwe. Amatsika, n'kupukuta m'manja pachitenje, n'kufunsa nthawi chifukwa tomato wasiyira mnzake.

Pa Nkhokwe anakwera kasanu pachingwe osagwa. Kasanu. Ndikamufunsa chimene akudikira ankangoti, "Mtima sunakhale pansi, achimwene." Lolemba lapitali anauza a Adamson kuti tsopano wakhala pansi, akwera Loweruka. Mwambo wathu ndi woti woyamba kukwera wopanda chingwe ndiye amatcha njirayo dzina, ndipo dzina lake limalowa m'kabuku ka alendo kamene a Adamson akukonza. Ine ndinapita Lachinayi.

A Adamson anabwera dzulo masana, anafunsa chimene chinachitika. Pafupi ndi pamwamba pa Nkhokwe pali kamwala kotulukira kunja kamene timatcha khutu. Ukaligwira ndi dzanja lamanzere basi wafika. Popanda khutulo palibe njira. Ndinawauza kuti nditaligwira linagwedera. Analetsa pompo kukwera Nkhokwe, matiresi anakatsekera kunyumba kwawo. Ndiye Zelifa lero ali pa tomato wake.

Khutu silinagwedere. Sindinalikhudze n'komwe. Zimenezi ndazinena m'kope muno mokha.

Lamulungu, 16 Juni

36.8. Zala za kuphazi zatupa ngati zitumbuwa, koma ndikutha kuzigwedeza. Anesi a Loveness ati chimenecho ndiye chofunika.

Amayi abwera ndi azimayi anzawo anayi a Mvano. Ayimba, apemphera, asiya futali, nthochi ndi thobwa la m'chigubu. Theka adya ndi a Nedson. Amayi anaphunzitsa Sitandade 5 zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero amandiyankhula ngati ndakhala pa desiki yakutsogolo.

"Iwe Stewart, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinati amayi, ndadekha zaka zitatu digiri ili m'sutikesi, nkhonoyo sinatsegulebe maso. Mmodzi wa azimayi aja anaseka, amayi anamuyang'ana, anasiya.

Sakumvetsa. Palibe akumvetsa. Phiri lija ndi chuma chongogona. Ndinalemba pulojekiti ya masamba makumi awiri: achinyamata khumi aphunzire kutsogolera alendo, misasa iwiri, malo odyera, msewu aupale. Ndinaipereka m'maofesi asanu ndi limodzi. Kulikonse amati tidzakuimbirani. Ndinkafuna chithunzi chimodzi chokha patsamba loyamba, ine nditaima pamwamba pa Nkhokwe, kuti wotsegula adziwe kuti walembayu si munthu wamaloto chabe.

Lolemba, 17 Juni

Adokotala adina khungu ndi chala, ati likakwinyika ndiye kuti kutupa kwatha. Silinakwinyike. Mwina Lachinayi. Asintha bandeji, bala ndi loyera.

Ndinafunsa a Nedson ngati anagwera m'chitsime.

"Ine? Zitsime makumi anayi ndi ziwiri, ngakhale chikhadabo sichinathyokepo. Ndinagwa pangolo, a Digiri. Timachokera ku chinkhoswe, ng'ombe zinali bwinobwino, wolakwa ndinali ine ndi kachasu."

Ndinawafunsa kuti amadziwa bwanji kuti lero atha kulowa m'dzenje la mamita khumi ndi asanu. Saopa?

"Kuopa ndimaopa tsiku lililonse, ndine mwana wa munthu. Koma ndikamanga chingwe m'chiuno ndimayamba ndamvetsera kuti m'mutumu muli ndani. Mukakhala mkazi wanga, kapena mwini chitsime, kapena uja anandilanda ntchito ku Nsaru, ndimamasula, ndimati lero ndadwala m'mimba. Ndimalowa mukakhala dothi lokha." Kenako anakuwira mkazi wawo kuti abweretse mchere, nkhani inathera pomwepo.

M'mutu mwanga Lachinayi munali msonkhano. Munali Zelifa, a Adamson, anzanga a ku yunivesite amene akuyenda pa magalimoto a mabungwe. Mpaka pamimba pa mwala zonse zinayenda, manja ankadziwa okha kopita. Nditafika pansi pa denga paja, khutu lili apo, kutalika kwa mkono umodzi, ndinayang'ana pansi kuti ndione ngati Duncan akujambula. Sankajambula, ankakoka matiresi. Matiresiwo ankaoneka ngati mabokosi a machesi. Pachingwe ndinafikapo kawiri pamalo amenewo, koma sindinaonepo kuti m'patali chonchi. Mwendo wamanja unayamba kunjenjemera ngati wa telala pamakina. Ndinauza dzanja lamanzere kuti pita, linakana. Ndinayesa kubwerera, mapazi sanapeze pamene anadzera. Ndinakhala pamenepo mwina mphindi imodzi, zala zikutseguka chimodzichimodzi ine ndikuziona.

Duncan sanaone kalikonse. Iye akudziwa zimene ndinamuuza.

Lachiwiri, 18 Juni

37.0. Bipi 124/78.

Pa gulu lathu la pafoni atumiza kanema. Zelifa akukwera kamwala kena kakafupi ka kumunsi kwa phiri, kamene ine ndinalimbana nako miyezi iwiri. Wakwera ngati akuthyola masamba kudimba. Ndaonera kasanu ndi kawiri kufuna pamene walakwitsa. Palibe. Anthu aika zithunzi za moto ndi za manja owomba. Ine sindinaike kanthu.

Madzulo a Adamson alemba uthenga. Akuti Lamulungu anatsikira pa khutu ndi chingwe, analigogoda, likumveka ngati lili ndi mphako pang'ono. Miyala yotulukira kunja yonse imamveka choncho, iwonso akudziwa. Koma akuti poti lagwetsa kale munthu sangaike moyo wa wina pachiswe. Apangana ndi bambo wina woswa miyala, Loweruka pa 29 akaligwetsa ndi hamala ndi chitsulo.

Khutu likachoka, Nkhokwe yatha. Sadzaikweranso munthu, ngakhale Zelifa, ngakhale mzungu wochokera kuti.

Ndinene zoona, popeza kope silinena kwa munthu. Nditawerenga ndinamva kukoma. Ndinadya nthochi ziwiri.

Lachitatu, 19 Juni

Khungu lakwinyika. Opareshoni mawa. Atenga magazi, ati ndi okwanira, 13.4. Ndasayina pepala. Adokotala ogonetsa ati abaya pamsana, ndikhala maso koma kuyambira m'chiuno kutsika sindimva kanthu. Aika chitsulo chathyathyathya ndi masikuluwu. Osadya, osamwa kuyambira pakati pa usiku.

Zelifa pa gulu sananene kanthu za khutu. Ena akudandaula, wina wati bwanji tingolimata ndi simenti, a Adamson akana. Iye zii. Chimene chikundipweteka ndi chimenecho. Akanalira, akanatukwana, ndikanadziwa kuti tafanana.

A Nedson ati ndikabwera ndi zitsulo m'mwendo ndisamayandikire ogula zitsulo zakutha.

Lachinayi, 20 Juni

Ndinalowa 9:40, ndinatuluka 12:15. Ndinkamva akubowola ngati kwa kalipentala. Ndasanza kawiri.

Lachisanu, 21 Juni

Masikuluwu asanu ndi atatu. Andionetsa pa ekisireyi. Ululu wake sindingaulembe. Jakisoni wopha ululu kawiri. Diripi yachiwiri. 37.6.

Amayi akugona pansi pa bedi pamphasa. Andipukuta kumaso ngati mwana.

Loweruka, 22 Juni

38.7. Kuzizidwa. Ayeza malungo, palibe.

Lamulungu, 23 Juni

39.1. Bala lakale lija latulutsa mafinya. Amasula ulusi uwiri, atsuka. Asintha jakisoni, tsopano katatu patsiku. Sindinadye.

Lolemba, 24 Juni

38.2. Phala masipuni asanu.

Bedi nambala 4 alitchinga ndi nsalu masana. Anali bambo a njinga yamoto, sindinawadziwe dzina.

Lachiwiri, 25 Juni

37.3. Ndadya. Mutu wapepuka. A Loveness ati mafinya achepa, mankhwala agwira.

A Adamson abwera nthawi ya alendo, atenga malalanje ndi buledi. Ndi munthu wamkulu, zaka makumi asanu, masiku ena onse amakonza mapampu a madzi m'tauni. Anakhala pampando chipewa chili pabondo, osandiyang'ana.

"Stewart, za lamulo sindikufunsa. Unalakwa, ukudziwa, mwendo wakuuza kale. Koma ine ndi amene sindikupeza mtendere. Ndakweza ana a anthu pa khutu limene lija zaka ziwiri. Ndinkaliona ngati lolimba. Zelifa akanapita Loweruka lija, bwenzi ndikukawauza chiyani makolo ake? Anthu obwera, alibe ndi manda omwe kuno."

Ndinati musadandaule akulu, simukanadziwa.

"Ndimayenera kudziwa. Ntchito yanga ndi imeneyo." Kenako anati akuganiza zoyendera miyala yonse ya m'kabuku, paliponse pokayikitsa agwetse. Anati mwina kugwa kwanga kwapulumutsa munthu.

Ndinasenda lalanje kuti manja akhale ndi chochita. Atapita, a Nedson anati, "Abwana anuwo ndi munthu wabwino. Anthu abwino savuta kuwanamiza, eti?" Ndinawayang'ana. Iwo ankangothamangitsa ntchentche pa thumba lawo la mchenga. Sindikudziwa ngati amatanthauza kanthu. Munthu wogona chagada milungu isanu amamva zambiri.

Lachitatu, 26 Juni

36.9. Achotsa diripi, kanula asiya.

Zelifa wabwera. Sindinayembekezere. Anafika cha m'ma 12, atavala chitenje ndi juzi ya sukulu ya mng'ono wake, atanyamula jumbo ya tomato ndi kabakuli ka chinangwa chophika. Anagwada kupereka moni kwa amayi, anapereka moni kwa a Nedson ndi mkazi wawo, kenako anakhala pamphepete pa mphasa. Amayi anapita kukatsuka mbale.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka. Tomato akuyenda?"

"Wachuluka, aliyense ali naye. Tikungogawana makasitomala."

Ndinayang'ana manja ake. Zala zake ndi zokakala, khungu lolimba ngati la ng'oma. Zanga m'milungu iwiri yokha zayamba kusupuka, zikufewa ngati za kalaliki.

Ndinati, "Wamva za Loweruka?"

"Ndamva."

"Pepa. Unalimbikira."

Anatsegula kabakuli, anapatsa a Nedson chinangwa, anapatsa ine. Kenako anati, motsitsa mawu, "Achimwene, munapaka choko m'manja tsiku lija?"

Choko ndi ufa woyera umene timapaka kuti manja asaterere ndi thukuta. Ndinati inde, ndani angakwere Nkhokwe wopanda choko.

"Ndimafunsa chifukwa Lachitatu lake ndinatsikira pa khutu ndi chingwe, ndinalitsuka ndi burashi, kukonzekera Loweruka. Linayera bwinobwino. Lachisanu, inu mutagwa kale, ndinapitanso. Choko chanu chili ponseponse mpaka pansi pa denga, zala zanu zikuoneka. Pa khutu palibe."

Ndinati mwina mphepo.

"Mwina," anatero.

Ndinamufunsa ngati wauza a Adamson.

"Ayi. Ndikanena ine, aziti mtsikana akufuna dzina m'kabuku mpaka kunamizira wodwala. Inu ndi amene munali pamwamba. Ndiponso inu mumatha kuyankhula."

Ndinapsa mtima, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinati kodi ukuganiza kuti ukanafika iweyo? Pachingwe ndi zina. Ukayang'ana pansi pamene paja m'pamene umadziwa.

"Ndikudziwa," anatero. "Ulendo wachinayi ndinapempha a Adamson kuti alekerere chingwe chikhale chokhwepa. Nditafika pansi pa denga ndinayang'ana pansi dala. Ndinanjenjemera, ndinatsala pang'ono kukodza. N'chifukwa chake sindinapite. Ndinayamba kupita ndekha m'mawa ndisanatsegule benchi ya tomato, kuzungulira kumbuyo, kukakhala pamwamba miyendo ili lende, kumangoyang'ana pansi. Milungu itatu. Ulendo wachisanu ndinayang'ananso. Mantha analipo, koma manja anali anga."

"Ndiye bwanji sunandiuze zimenezo?"

"Munandifunsa kangati? Inu mumafunsa kuti ukudikira chiyani, musanamve yankho mwayamba kale kuseka."

Amayi anabwera ndi mbale. Zelifa anaimirira, anati minibasi za ku Msundwe zimavuta masana. Pochoka anati, "Mukhale bwino, achimwene. Nsapato zanu zija ndikusungabe."

Atatuluka, amayi anati mtsikana waulemu, ndi wa mpingo wanji?

Milungu itatu kukhala pamwamba pa mwala m'mawa kukuzizira, popanda womuona, popanda chithunzi. Ine sindikanaganizako n'komwe. Ngakhale mantha amawaopa bwino kuposa ine.

Lachinayi, 27 Juni

36.7. Mapiritsi m'malo mwa jakisoni, kanula achotsa. Bala lauma m'mbali.

Kwabwera a fiziyo, ophunzitsa odwala kuyendanso, ndi ndodo ziwiri. Ati phazi lamanja lisagunde pansi milungu isanu ndi umodzi. Anandikhazika pamphepete pa bedi, anati imirirani. Kuchokera pa bedi kufika pansi ndi kutalika kwa sipuni ya nsima. Ndinayang'ana simenti, thukuta linayamba, manja anakana kusiya chitsulo cha bedi. Chimodzimodzi.

"Tengani nthawi yanu," anatero a fiziyo.

"Aitanireni matiresi," anatero a Nedson. Wodi yonse inaseka, mpaka agogo a bedi nambala 2 amene sayankhula.

Ndinaimirira kachitatu. Masitepe anayi kupita, anayi kubwerera. Ndinagona ngati ndalima ekala.

Masana ndinawerengera. Milungu isanu ndi umodzi pandodo. Miyezi itatu ndisanayende bwino. Adokotala ati za miyala tidzakambe chaka chamawa, ndipo kakolo sadzapindikanso ngati kale. Ndiye Nkhokwe si yanga, khutu likhalepo kapena lisakhalepo. Chimene chatsala m'manja mwanga n'chimodzi: ikhale ya Zelifa, kapena isakhale ya munthu.

Ndikanena, a Adamson adziwa kuti ndinawasiya adziimbe mlandu ine ndikusenda lalanje lawo. Gulu lonse lidziwa kuti wa digiri anauma pamwala ngati buluzi, n'kunamizira mwalawo. Pa Msundwe nkhani siigona. Pulojekiti yanga imati ine ndidzaphunzitsa achinyamata chitetezo. Adzandimvera ndani?

Ndikapanda kunena, palibe adzadziwe kupatula iye. Ndipo iye sadzanena. Azidzandipatsa moni waulemu pamsika moyo wanga wonse.

A Adamson alemba kuti woswa miyala uja afika 7 koloko Loweruka, amene akufuna kuthandiza kunyamula zingwe abwere.

Lachisanu, 28 Juni

36.8. Bipi 120/76. Adokotala ati zikapitirira chonchi ndituluka Lachiwiri. Masitepe khumi ndi awiri, mpaka pakhomo la wodi.

M'mawa wonse ndakhala ndikulemba uthenga n'kufufuta. Woyamba unali wautali, unali ndi mawu oti mwina, zikuoneka ngati, m'chipwirikiti chija. Wachiwiri unkati ndakumbukira bwino tsopano popeza malungo a bala atha. Unali wokonzedwa bwino kwambiri, wonga kalata yofunsira ntchito. Zelifa ananena zoona, ndimatha kuyankhula.

Ndinaganiza zouza a Adamson okha, iwo akapeze chonena ku gulu. Koma pamenepo anthu azidzati Nkhokwe inatsegulidwa mwa chifundo, ndipo iye akadzafika pansi pa denga, m'mutu mwake mudzakhala mawu anga oti linagwedera. Pamalo paja sipafunika mlendo m'mutu. Zimenezo ndiye ndikuzidziwa kuposa wina aliyense.

Nsanje sinathe, ndisanamepo. Ndikaganiza za iye ataima pamwamba paja, akupukuta m'manja, akufunsa nthawi, zimandiwawa. Dzina limene adzatche njirayo ndikudziwa kale kuti lidzakhala lopanda pake, mwina Tomato. Ine ndinali nditakonza langa kalekale, labwino.

Itakwana 2 koloko, amayi ali kokachapa, ndinapempha a Nedson kuti atseke wailesi.

"Mukufuna kupemphera, a Digiri?"

Ndinati ayi, ndikufuna kujambula mawu.

Anatseka. Anauzanso mkazi wawo kuti asiye kaye kukwecha poto.

Ndinanena izi, ndikuzilemba monga ndinanenera: "Akuluakulu, ndine Stewart. A Adamson, woswa miyala uja mumuuze asabwere. Khutu silinagwedere. Sindinaligwire, sindinafikepo. Ndinachita mantha pansi pa denga, manja anatseguka okha. Ndinapita ndisanakonzeke chifukwa sindinkafuna kuti Zelifa ayambe ndiye. Ndinanama. Mukafuna umboni kaoneni choko. Zelifa, khutu lako lili bwinobwino monga unalitsukira."

Masekondi makumi atatu ndi anayi. Sindinamvetserenso, ndikanamvetsera ndikanafufuta. Ndinatumiza ku gulu lonse. Ndinaona timizere tiwiri tikusanduka tobiriwira kusonyeza kuti amvetsera, woyamba Duncan, wachiwiri a Adamson. Pamwamba panalembedwa kuti a Adamson akulemba.

Sindinadikire. Ndinazimitsa foni. Amayi atabwera ndinawapatsa kuti aimange pakona ya chitenje chawo, asandipatse mpaka Lolemba ngakhale ndilire. Anafunsa chifukwa chake. Ndinati mawa kapena mkuja kubwera chithunzi cha pamwamba pa Nkhokwe chimene sindinakonzeke kuchiona.

Kenako ndinawauza kuti akhale pansi, ndinayamba kuwafotokozera kuyambira Lachinayi lija.